Momwe wa ku famase angapitirizire maphunziro ali pantchito

Yambani n'kulemba zomwe zasintha chimalizireni sukulu. Pa malungo pokha, chloroquine adachotsedwa mu 1993, ndipo SP adalowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Ma ARV nawo adasinthira ku dolutegravir mu 2019. Amene adamaliza kale ku Malawi College of Health Sciences kapena ku College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), koma osawerenganso, akupereka malangizo otha ntchito pawindo.

Kenako sankhani mitu malinga ndi odwala omwe mumawaona. Ngati ambiri ali pa 13A, ma ARV okhala ndi dolutegravir, yambirani pa mankhwala osagwirizana ndi dolutegravir. Rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu yake m'magazi, choncho wodwalayo amawonjezera piritsi la dolutegravir la 50mg pakatha maola 12. Mapiritsi a ayironi, kashiamu ndi a chilungulira amamugwira m'mimba, salowa bwino m'thupi. Dolutegravir amwedwe maola 2 asanamwe enawo, kapena maola 6 atamwa. Mayi woyembekezera yemwe ali pa 13A amalandira zonse ziwiri, dolutegravir ndi ayironi, ndipo womuuza zimenezi ndinu. Buku la malangizo a boma a kaperekedwe ka mankhwala (MSTG) la 2023 likhale pa foni, la 2015 lipume.

Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi polipira. Pa WhatsApp pamayenda timapepala tolengeza maphunziro a CPD (owonjezera luso munthu ali pantchito), tsiku limodzi ku hotela, ndalama mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba, ku nambala ya munthu. Musanatumize tambala, funsani ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira za mankhwala, kapena ku PHASOM, bungwe la ogwira ntchito za famase, ngati wokonzayo akudziwika komanso ngati satifiketi yake imalandiridwa. Yankho likhale lolembedwa, mawu apafoni alibe umboni. Onaninso ophunzitsa. Wogulitsa mankhwala wa kampani akakhala yekha pandandanda, mukamva zotsatsa malonda basi, ngakhale nkhomaliro yake ikhale yokoma. Tsikulo likafika, sainani mndandanda wa opezekapo ndi dzina lomwe lili m'kaundula wa PMRA pamodzi ndi nambala yanu, ndipo jambulani tsambalo musanatuluke. Satifiketi yopanda tsiku, mutu ndi maola omwe mwaphunzira ibwezeni pomwepo aikonze, chifukwa wokonza wina akatolera ndalama foni sayankhanso. Choyambitsa vutoli n'kudikira mpaka nthawi yokonzanso kalembera itayandikira: munthu wothamangira amalipira aliyense.

Zotchipa zilipo. WHO ndi Commonwealth Pharmacists Association ali ndi maphunziro a pa intaneti, ndipo chomwe chimadya ndalama kwenikweni ndi bando. Gulani yausiku, mutsitse zowerenga zonse nthawi imodzi. Misonkhano yam'mawa ya kuchipatala nayo muzilemba, woyang'anira asaine.

Zotsalazo n'zachidule. Mapepala onse mu fayilo imodzi, zithunzi zake mu imelo. Mukabwerako, khalani ndi matekinishani ndi othandizira kwa mphindi 15 muwafotokozere, poti ndi iwo amene amakhala pawindo nthawi yaitali. Mutu wotsatira ukhale maantibayotiki, kuyambira pa magulu a AWaRe omwe WHO idakhazikitsa mu 2017 posonyeza oyamba kugwiritsa ntchito, osamala nawo ndi osungira matenda ovuta.