Macheza a nthawi ya tiyi kwa ife a autism

Ine ndili ndi autism (chibadwa chimene chimachititsa ubongo kugwira ntchito mosiyana ndi wa anthu ambiri, makamaka pocheza ndi ena), ndipo chinkandisautsa ku ofesi kuno ku Blantyre si ntchito ayi, koma mphindi khumi za tiyi.

Mnzanu akati "Mwadzuka bwanji?" sakufuna lipoti. "Ndadzuka bwino, kaya inu?" basi. Kwa akuluakulu onjezani "Kunyumba ali bwanji?" Izi ndinazizindikira mochedwa: tsiku lina ndinawafotokozera mayi wina za kusowa tulo kwanga mpaka tiyi wawo anazizira m'kapu, chitumbuwa chili m'manja.

Masiku ano ndimapita ndi nkhani zanga zokonzeratu. Chiperoni cha mu June, kutentha kwa October, kapena mmene minibasi ya ku Ndirande inachedwera kudzadza. Lolemba mpira sulephera. "Maule atani dzulo?" Koma yambani mwadziwa ngati munthuyo ndi wa Bullets kapena wa Wanderers, chifukwa wa Manoma timu yake ikagonja safuna chibwana.

Nkhani imene mumaikonda kwambiri ija, nenani ziganizo ziwiri zokha, kenako mufunseni zake. Akayamba kuyang'ana foni, watopa.

Kuyang'ana m'maso kukakuvutani, yang'anani pamphumi kapena pa kapu yanu. Kwathu kuno kugwetsa maso pamaso pa bwana ndi ulemu ndithu.

Za malipiro, ndale, kapena chifukwa chake wina sanakwatire, zisiyeni. Wina akabwerako ku maliro, "Pepani ndi zovutazi" n'zokwanira.

Phokoso likakuchulukirani, ingonenani kuti "Ndikamalize kantchito kaja, tionana," nkutuluka.