Galimoto ikakana kulira m'mawa wa chiperoni, yambani apa musanagule batire

Chiperoni chikafika kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, mu June ndi July, ma Corolla akale ambiri amadzuka atakana kulira. Mwini wake amathamangira ku Luchenza kapena ku Limbe kukagula batire latsopano, koma pakapita masiku vuto lija labwerera. Kawirikawiri batire limakhala lilibe mlandu. Chinyezi cha kuno chimadya mitu ya batire ndi mawaya pang'onopang'ono, kuzizira kumangoulula zomwe zinayamba kale. Fufuzani motere, kuyambira pa zosalira ndalama.

Choyamba tcherani khutu. Yatsani nyali zakutsogolo, kenako potokozani kiyi. Mukamva kaphokoso kakuti "ke-ke-ke" nyali n'kuzirala, moto sukufika mokwanira, ndiye vuto lili pa batire kapena pa mitu yake. Nyali zikamawala bwinobwino koma injini ili zii, kayikirani sitata kapena waya wake.

Tsegulani boneti muone mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatsekereza moto. Zimitsani galimoto, chotsani kiyi, ndipo ndi sipanala, nthawi zambiri ya 10, masulani mutu wa (-) poyamba, wa (+) pambuyo. Musasinthanitse. Mukayamba ndi (+) sipanala n'kukhudza chitsulo cha galimoto, imathetheka moto ndipo ikhoza kukuwotchani dzanja. Sungunulani soda wophikira therere uja m'madzi, tsukani mituyo ndi kaburashi, osalola madziwo kulowa m'batire. Pukutani, bwezerani (+) kenako (-), mangani mpaka isagwedezeke ndi dzanja, ndipo pakani girizi pang'ono pamwamba.

Musalekere pomwepo. Tsatirani waya wonenepa wochoka pa (-) mpaka pamene wamangidwa ku thupi la galimoto ndi ku injini. Uyu ndi waya wa ethi, ndipo ndi amene anthu amamuiwala kwambiri. M'galimoto yoyenda m'matope a misewu ya m'maesiteti a tiyi, bawuti yake imachita dzimbiri msanga. Zikatero mumaona zodabwitsa: mukaponda buleki indiketa ikuyaka, nyali za pa dashibodi zikuphethira, sitata ikuzungulira mwaulesi ngakhale batire lili latsopano. Masulani bawutiyo, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani.

Tsopano yezani. Multimeter (mita yoyezera magetsi) yotsika mtengo ndi yokwanira, ndipo ine ndimaona kuti aliyense wokhala ndi galimoto yakale ayenera kukhala nayo. Iikeni pa 20V DC. Galimoto itagona usiku, batire lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Likatsika pansi pa 12, latha moto, litchajidwe kaye musanaliweruze. Injini ikalira yezaninso: muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ngati nambala sikukwera, alternator, imene imatchaja batire injini ikamalira, sikutchaja, ndipo batire lililonse limene mungaikemo lidzatha. Onani lamba wake kaye, chifukwa akakhwepa amalira "tswii" m'mawa ndipo amaterereka.

Chonde musalole munthu kuzula mutu wa batire injini ikulira pofuna kuyesa alternator. Ambiri anazolowera kutero, koma pa galimoto yokhala ndi kompyuta mukhoza kuwotcha chinthu chodula kuposa batire ndi alternator yomwe.

Ngati batire ndi lotsegula pamwamba, onani madzi ake. Thiraninimo madzi a batire okha ogula m'botolo, osati a pamjigo.

Chinthu chimodzi chokha chikafa, monga hutala, wailesi kapena mawaipa, pitani pa bokosi la mafiyuzi. Lina lili pafupi ndi batire, lina pansi pa dashibodi. Fiyuzi yopsa kawaya kake kamkati kamakhala kataduka. Bwezerani ya nambala yomweyo: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A. Kumangapo waya kapena kuikapo yaikulu ndiko kumapsereza magalimoto, chifukwa m'malo mwa fiyuzi amayamba kutentha ndi mawaya. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya amene wasupuka n'kumagunda chitsulo. Fufuzani pamene mawaya amapindika polowa m'zitseko ndi m'chivundikiro cha buti. Amene mumanyamula matumba a chimanga kapena kuimika galimoto pafupi ndi nkhokwe, yang'ananinso zizindikiro za makoswe, amatafuna mawaya.

Batire likamatha galimoto ili chiimire usiku, yambani ndi zomwe zinaikidwa pambuyo pake, monga wailesi, amplifier ndi alamu, komanso kanyali ka m'buti kosazima. Pofuna kutsimikiza, masulani (-) madzulo n'kubwezera m'mawa. Ikalira bwino, pali chimene chikuba moto. Pitani nayo kwa makaniko wa zamagetsi, mumuuze manambala amene mwapeza, ndipo mumupemphe azule mafiyuzi imodziimodzi mita ili yolumikiza mpaka apeze njira imene moto ukuthawira.