Malangizo a kapimidwe ka cakudya ca cona tsiku lililonse

Tebulo limene lili kumbuyo kwa paketi ya cakudya ca cona ndi poyambila cabe. Acona awili olemela mofanana safunika cakudya cofanana, cifukwa wina amaswela panja kusaka makoswe pamene wina amangogona pampando. Mlingo woyenela cona wanu muupeze motele.

Yambani ndi kulemela kwake. Kwelani pa sikelo mutamunyamula, ndiyeno mukwelenso muli nokha. Kusiyana kwa manambala awiliwo ndiye kulemela kwa cona. Acona aakulu ambili amalemela makilo 3 mpaka 5.

Mphamvu ya cakudya imalembedwa pa paketi ndi cizindikilo ca kcal. Kwa cona wopitilila makilo 2, culukitsani makilo ake ndi 30, muonjezepo 70. Yankho ndi mphamvu imene thupi lake limafuna ali cigonele. Ngati ndi wamkulu, wofulidwa kapena wotsekedwa cibalilo, culukitsani yankholo ndi 1.2, ndipo ngati sanafulidwe culukitsani ndi 1.4. Cona wofulidwa wa makilo 4 amapeza 120, kuonjezapo 70 ndi 190, kuculukitsa ndi 1.2 ndi pafupifupi 230 kcal pa tsiku.

Tsopano onani paketi. Cakudya couma cambili cimakhala ndi 350 mpaka 400 kcal pa magalamu 100. Ngati canu cili ndi 380, cona wofulidwa wa makilo 4 adye magalamu 60, wa makilo 3 magalamu 50, wa makilo 5 magalamu 70. Umenewu ndi mlingo wa tsiku lonse, osati wa nthawi imodzi. Ugaweni pawili, m'mawa ndi madzulo. Mukauona m'mbale udzaoneka wocepa, koma musaonjezepo cifukwa ca cifundo.

Conde pimani ndi sikelo yaing'ono ya m'khicini. Kapu imanamiza: wina amadzaza mpaka pamwamba, wina amalekezela pakati, ndipo magalamu 10 oonjezela tsiku lililonse ndi ambili kwa nyama ya makilo 4. Njila yosavuta ndi kupima ca tsiku lonse m'mawa, kuciika m'kabotolo kotseka, ndipo aliyense panyumba azitapa m'menemo. Cikatha, catha, olo cona alile kumapazi kwanu.

Ngati mumupatsanso cakudya conyowa ca m'tumapaketi kapena m'zitini, cotsani mphamvu yake pa mlingo wa tsiku. Kapaketi ka magalamu 85 kokhala ndi 80 kcal kamasiya 150 kcal, kutanthauza magalamu 40 a couma. Conyowa cili ndi madzi ambili, mbali zitatu mwa zinayi kapena kuposa, ndiye cifukwa cake cimaoneka cambili koma mphamvu yake ndi yocepa. M'nyengo yotentha ya Okutobala cimaola msanga ndipo cimaitana nchenche ndi nyelele, conco cotsala m'mbale tayani, ndipo kapaketi kotsegula kasungeni m'filiji. Madzi oyela azikhalapo nthawi zonse, makamaka kwa cona wodya couma cokha.

Ana a cona amafuna mphamvu yoculuka, pafupifupi 2.5 kuculukitsa yankho loyamba lija, ndipo azidya katatu kapena kanayi pa tsiku cakudya copangidwila ana. Cona wa pakati ndi woyamwitsa nayenso adye ca ana, ndipo woyamwitsa musamupimile, adye mmene afunila.

Zopatsa zapadela zisapitilile gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya tsiku. Nsima ndi zotsala za ndiwo sizilowa m'malo mwa cakudya cake, pakuti cona ndi nyama yodya nyama ndipo amafuna taurine (comanga thupi copezeka m'nyama), imene ikasowa mtima ndi maso zimaonongeka. Ndiwo za anyezi kapena adyo musamupatse, zimaononga magazi ake. Kapenta wa mcele wambili si wabwino, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba acona aakulu ambili. Posintha mtundu wa cakudya, sakanizani catsopano ndi cakale pang'onopang'ono kwa masiku 7.

Pakapita milungu iwili, mupimeninso ndipo mugwileni m'nthiti. Nthiti ziyenela kumveka mosavuta pansi pa mafuta ocepa, ndipo mukamuyang'ana kucokela pamwamba ciuno cizioneka. Ngati nthiti sizimveka, cepetsani cakudya ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Ngati zikuonekela ndi maso, onjezani cimodzimodzi. Cona wonenepa musamumane cakudya kuti aonde msanga, cifukwa njala yadzidzidzi imadwalitsa ciwindi cake. Akakana kudya tsiku lathunthu, kapena akamaonda pamene akudya bwino ndi kumwa madzi kopitilila, pitani naye kwa dokotala wa ziweto mosacedwa.