Mmene ndinakonzera ma redirect titasamutsa webusaiti

Titasamutsira webusaiti yathu ku adiresi yatsopano, alendo ochokera pa Google anachepa kwambiri. Nditafufuza mu Search Console, chida cha Google choonetsa mmene webusaiti ikuonekera pa zofufuza, ndinapeza kuti ma redirect (malangizo otumiza mlendo kuchoka pa adiresi yakale kupita ku ina) a maadiresi ambiri akale ankaloza onse ku tsamba loyamba, zomwe Google imazitenga ngati kuti masambawo kulibe, pamene ena ankagwiritsa ntchito redirect ya mtundu wa 302, yomwe imatanthauza kusamuka kwa kanthawi chabe. Ndinalemba adiresi iliyonse yakale pambali pa inzake yatsopano, n'kuika redirect ya 301, yosonyeza kusamukiratu, mu fayilo ya .htaccess (yomwe imasunga malangizo a seva ya webusaiti) kuti iliyonse izipita molunjika, osadutsira kwina. Nditatumiza ku Google sitemap yatsopano (mndandanda wa masamba a webusaiti), masamba anayamba kuonekanso pa Google pang'onopang'ono. Ma redirect amenewa ndiwasiya kwa chaka kapena kupitirira, monga Google imalangizira.