Ma tab akuchulukirani? Zida zowasamalira zili kale mu browser yanu

Ntchito ikakoma pa kompyuta, ma tab, masamba otsegula mu browser aja, amangowonjezeka. Posakhalitsa apanikizana pamwamba paja moti mayina awo sakuonekanso, ndipo makinawo ayamba kuchedwa. Ambiri amathamangira kuika mapulogalamu owonjezera, chonsecho Chrome, Edge ndi Firefox zili kale ndi zida zothetsera vutoli. Zinangobisika m'malo omwe sitiwatsegula kawirikawiri.

Yambani ndi kabokosi kolembamo adiresi. Dinani Ctrl ndi L pamodzi ndipo mukhala mwafika m'kabokosiko osakhudza mausi. Mu Chrome lembani @tabs, dinani Space, kenako mawu amodzi a m'dzina la tsamba lomwe mukulifuna. Browser ikuonetsani tab yomwe ili ndi mawuwo pakati pa zonse zotsegula. Mukalemba @history ifufuza m'masamba omwe munawaonapo kale, @bookmarks ifufuza m'omwe munasunga. Google inabweretsa zimenezi mu Chrome 108 kumapeto kwa 2022. Mu Firefox njira yake ndi zizindikiro: % ya ma tab otsegula, ^ ya masamba akale ndi * ya osungidwa.

Mwatseka tab mwangozi? Dinani Ctrl, Shift ndi T. Mukabwereza, ibwera yomwe munatseka isanafike imeneyo, mpaka windo yonse imabwerera ngati ndi yomwe inatsekedwa. Pa Mac gwiritsani ntchito Cmd m'malo mwa Ctrl. Mu Incognito ya Chrome, windo yosasunga mbiri ya masamba omwe mwaona, musayembekezere kanthu, zotsekedwa kumeneko zapita basi.

Chotsatira ndi kuika ma tab m'magulu. Lozani tab ndi mausi, dinani batani la kumanja, sankhani Add tab to new group, perekani dzina ndi mtundu. Ena a nkhani yomweyo akokereni m'gululo. Phindu lake limaoneka mukadina dzina la gulu lija: ma tab onse amapindika n'kutsala kachizindikiro kamodzi. Magulu awiri kapena atatu ndi okwanira. Akachuluka, mumayambanso kusakasaka gulu ngati momwe munkasakira tab.

Za kuchedwa kwa kompyuta, mu Chrome pitani ku Settings, kenako Performance, muyatse Memory Saver. Ma tab omwe simunawakhudze kwa nthawi amagonekedwa kuti asadye RAM, malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ndipo amadzuka mukawadina. Dziwani kuti podzuka tsambalo limatsegulidwa kachiwiri, choncho masamba omwe simufuna asokonezeke, monga a imelo, alembeni pa mndandanda wa okhala maso nthawi zonse womwe uli pamalo omwewo. Ku Edge chida chotere chimatchedwa sleeping tabs. Ngati mukufuna kudziwa tab yomwe ikulemetsa makina, Shift ndi Esc ikutsegulirani mndandanda woonetsa zomwe iliyonse ikudya, ndipo mutha kuitseka pomwepo.

Chomwe ndimachikonda kwambiri, ngakhale chimafuna mphindi zochepa kuchikonza, ndi kufufuza pa webusaiti ina musanaitsegule n'komwe. Tiyerekeze kuti mumafufuza pa Wikipedia pafupipafupi. Mu Settings ya Chrome lowani ku Search engine, kenako Manage search engines and site search, ndipo pa gawo la Site search dinani Add. Pa dzina lembani Wikipedia, pa shortcut ikani chilembo w, pa adiresi lembani https://en.wikipedia.org/w/index.php?search=%s. Ka %s kaja ndi malo omwe mawu anu adzalowe. Kuyambira pamenepo, mukalemba w m'kabokosi ka adiresi, kudina Space n'kulemba Johannesburg, mufikira pa Wikipedia mwachindunji. Webusaiti ina iliyonse njira yake ndi yomweyi: fufuzanipo mawu amodzi, koperani adiresi ya zotsatirazo, fufutani mawu anu aja m'kati mwake n'kuikapo %s. Ngati mawu anuwo sakuoneka mu adiresi, webusaitiyo sigwira ndi njira imeneyi, musavutike nayo.

Pomaliza pali masamba odzaza malonda ndi mavidiyo odziyatsa okha, pomwe inu mukungofuna kuwerenga nkhani. Mu Firefox ndi Edge pa Windows dinani F9. Zonse za m'mbali zimachoka, pamatsala mawu ndi zithunzi za nkhaniyo, ndipo mutha kukulitsa zilembo kapena kusintha mtundu wa kumbuyo. Safari yakhala ndi chida chimenechi kuyambira 2010. Chimagwira pa masamba a nkhani zazitali, osati pa tsamba loyamba la nyuzipepala lomwe ndi mitu yokhayokha. Maso akatopa, mu Edge dinani Ctrl, Shift ndi U kuti ikuwerengereni mokweza, ndipo liwiro la wowerengayo mutha kulisintha pa Voice options.