Kupeza malo ndi kukhazikika m'mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi

Anthu amene atopa ndi lendi ya mu Lilongwe, komanso ena amene apuma pa ntchito ndipo akufuna kuyamba ulimi, amakonda kuponya maso ku midzi ya m'mapiri a Ntchisi chifukwa kumeneko mvula imagwa bwino ndipo timitsinje totsika m'phiri sitiphwa msanga. Nkhalango ya Ntchisi inaikidwa pansi pa chitetezo cha boma mu 1924. Pamwamba pa phiri pali mitengo ikuluikulu yobiriwira chaka chonse, m'munsi mwake muli mombo, tsamba ndi misuku, kenaka minda ya anthu imayamba. Malangizo awa ndi a munthu wochokera kwina amene akufuna kukamanga ndi kulima m'midzi yotereyi, ndipo mutu wake ndi wakuti tchire limene mlendo amaliona ngati lopanda mwini limakhala ndi eni ake: lina ndi la banja, lina ndi la mudzi, lina ndi la boma, ndipo muyenera kudziwa kuti liti ndi liti musanatulutse ndalama kapena kudula mtengo.

Ulendo woyamba wokaona malo muupange mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati. Anthu ambiri amapita mu Ogasiti msewu uli wouma, nakondwera ndi malo athyathyathya a pafupi ndi mtsinje, osadziwa kuti m'dzinja pamenepo pamakhala lowe ndipo khasu silingagwire. Mukapita m'dzinja mudzaona nokha kumene madzi amadutsa, mlatho umene umamira, chikweza chimene galimoto imakanika, komanso mtundu wa chimanga cha m'minda yoyandikana nayo, chomwe chimanena zoona za nthaka kuposa mwini malo. Pamene pali kaufiti wambiri ndi chimanga chachikasu chofika m'mawondo, nthaka yatopa ndipo mudzalowetsa ndalama zambiri pa feteleza ndi manyowa.

Kuchokera ku Lilongwe mumatsata msewu wa M1 mpaka pa Mponela, pomwe mumakhota kulowera ku Ntchisi boma pa msewu wa tala. Kuchoka pa boma kupita ku midzi ya kufupi ndi nkhalango msewu ndi wafumbi, wokwera ndi kutsika, ndipo mayendedwe odalirika ndi njinga yamoto ya kabaza kapena matola a tsiku la msika. Nyamukani m'mamawa kuti mubwerere dzuwa lisanapendeke, popeza mvula ya masana ikagwa pa dothi la katondo, ngakhale wakabaza wodziwa njira amakutsitsani kuti muyende pansi iye akukankha njinga, matope atadzaza pakati pa tayala ndi madigadi. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mutenge nambala ya foni ya wakabazayo, chifukwa ndi yemweyo amene mudzamufune usiku wina mwana akatentha thupi.

Musalowe m'mudzi nokha n'kuyamba kufunsa za malo. Pezani munthu wodziwika kumeneko, kaya ndi mnzanu wa kuntchito wochokera m'mudzimo, kaya mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, kuti akakutuleni kwa a nyakwawa. Pofika mumakhala pansi, mumaomba m'manja, ndipo amene wakuperekezaniyo ndiye amayamba kulankhula. Afumu adzafuna kudziwa kwanu, mfumu yanu, chimene mwachokera kumeneko ndi chimene mukufuna kudzachita, choncho kalata yochokera kwa mfumu ya kwanu imathandiza kwambiri. Kunyamula nkhuku kapena kangachepe ndi ulemu wa chikhalidwe, koma musaganize kuti mwagula nako malo. Yankho silibwera tsiku lomwelo, ndipo mfumu imene ikukulozerani malo pompopompo isanafunse mbumba yake ndi yofunika kuikayikira.

Apa ndi pamene alendo ambiri amagwa m'mbuna. Ntchisi ndi dera la Achewa, ndipo mwa mwambo munda umayenda kuchikazi: ndi wa mbumba, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala mlongo kapena malume wa amayi a pabanjapo. Bambo amene mwamupeza akulima mundawo akhoza kukhala mkamwini, yemwe walimapo zaka makumi awiri koma alibe mphamvu yopereka ngakhale mzere umodzi. Kwina kuli chitengwa, ndiye kuti mkazi ndi amene anatsatira mwamuna, ndipo zinthu zimasinthako. N'chifukwa chake muyenera kufunsa mosanyengerera kuti mundawo unachokera kwa yani. Funsani kuti ana a pabanjapo alipo angati ndipo ali kuti. Mwana amene ali ku Joni kapena ku esiteti ya fodya ku Kasungu adzabwera tsiku lina, ndipo ngati sanamve za inu, mlandu udzayamba nyumba yanu itafika kale pa lintala. Tsala, lomwe ndi munda wogonera, limasokeretsanso: pamwamba pali udzu ndi zitsamba zofika m'khosi, koma mukapatula udzuwo ndi phazi mudzaona mizere yakale, ndipo mizereyo ili ndi amene anaiunda.

Malamulo a dziko amagwirizana ndi kusamala kumeneku. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linakhazikitsa komiti yoyang'anira malo pa gulupu aliyense. Wapampando wake ndi a gulupu, ndipo pali anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, omwe osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Komitiyi ndi imene imaunika pempho la malo ndi kuthandiza kuti munthu alembetse malo ake n'kulandira chikalata, ndipo mikangano imayambira ku bwalo la malo la kwa mfumu yaikulu isanapite pa boma. Ntchito yolembetsayi sinafike mofanana m'madera onse, choncho kafunseni ku ofesi ya za malo pa khonsolo ya Ntchisi kuti mudziwe pamene dera lanulo lafika komanso ngati mgwirizano umene mukufuna kupanga ndi wololedwa, popeza malo a makolo sagulitsidwa ngati mbuzi pa msika. Ine ndimalangiza kuti chaka choyamba mubwereke munda kwa nyengo imodzi yokha. Ndalama yake ndi yochepa, mumaidziwa nthaka, anthu amakudziwani, ndipo zikakanika mumachoka popanda kusiya njerwa.

Tsiku loyendera malire likhale lodziwika kwa onse. Pakhale afumu, mwinimbumba, amayi a pabanjapo, ndi eni minda yonse yogundana ndi malowo, ndipo muyende ndi miyendo ngodya iliyonse. Malire a kumudzi amakhala chulu, mtengo wa mkuyu, kakhwawa kapena njira, koma zonsezi zimasuntha: chulu amachigumula poumba njerwa, mtengo amaudula, njira imakhota anthu akamalambalala matope. Dzalani khonje kapena nkhadze pa ngodya tsiku lomwelo anthu akuona, jambulani ndi foni, ndipo zonse zilembedwe pa pepala limene aliyense asainepo kapena kudinda chala, pakhalenso chidindo cha afumu. Pepala limodzi lisungidwe kwa afumu, lina kwa banjalo, lina kwa inu. Mufunsenso kumene kuli manda ndi dambwe. Kumeneko sikulimidwa, sikutoledwa nkhuni, ndipo munthu wosameta salowako. Mukamva kuti gule watuluka, patukani m'njira ndipo ana anu muwaphunzitse kuchita chimodzimodzi.

Malire ena ofunika kwambiri ndi a nkhalango ya boma. Musakhulupirire mawu akuti malire ali uko pa mitengo ikuluikulu, chifukwa m'malo ena anthu analowerera kale n'kutsegula mphanje mkati mwa nkhalango, ndipo munda wotero, ngakhale ukhale ndi chimanga chokongola bwanji, tsiku lina a zankhalango adzausenga. Pitani kwa mlangizi wa za nkhalango kuti akuonetseni pamene mzere wa malire ukudutsa. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo, kulima, kuotcha makala kapena kutentha tchire m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Nkhuni zouma, bowa, masuku, udzu wofolera, nsungwi ndi uchi zili ndi ndondomeko yake, yomwe kawirikawiri imadzera ku ofesi ya za nkhalango ndi ku komiti ya mudzi yosamalira zachilengedwe. Lowani m'komitiyi kapena muzipita ku misonkhano yake, ndipo ntchito yolambula njira zotchinga moto ikafika mvula itatha, katengeni chikwanje chanu. Ngati mukufuna kupindula ndi nkhalango mosalimbana ndi lamulo, ming'oma ya njuchi ndiyo njira yabwino, bola ikhale ya matabwa, osati ya makungwa osenda pa mtengo wamoyo.

Nyumba imangidwe pa chitunda, kutali ndi khwawa, ndipo pamalo otsetsereka mukumbe ngalande kumtunda kwake yopatutsa madzi. Simenti, malata ndi misomali zifike pakati pa Meyi ndi Okutobala. Mukachedwa, lole idzatsitsa katundu wanu pamene yatitimira ndipo mudzalipiranso ngolo. Njerwa zootcha zimadya mitengo yambiri ndipo zimakuyambanitsani ndi a zankhalango, pamene zidina zomangidwa pa maziko okwera a miyala, ndi khonde lotambalala loteteza khoma ku mvula ya mphepo, zimakhala zaka zambiri. Chiswe n'chambiri, choncho mitengo ya denga ipakidwe mankhwala kapena oyilo wakutha. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime ndiponso patali nacho. Magetsi ndi a sola, ndipo musanasankhe pomanga yesani netiweki ya Airtel ndi ya TNM, chifukwa m'mapiri zimachitika kuti foni imagwira pa chulu chimodzi chokha m'mudzi wonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri ndipo nkhungu imachedwa kuchoka, moti mabulangete ndi ofunika ngati neti yoteteza udzudzu.

Pa ulimi, yambani ndi mbewu zimene anzanu akulima: chimanga, soya, mtedza, nyemba, mbatata ndi kachewere, komanso dimba la masamba m'chilimwe. Mizere idule chitunda mopingasa, ndipo akalozera a udzu wa vetiva amagwira nthaka kuti isakokoloke. Mlangizi wa zaulimi akhoza kukuthandizani kuyeza. Musalime mpaka m'mbali mwenimweni mwa mtsinje. Vuto limene wochokera m'tauni saliwerengera ndi nyama. Anyani ndi apusi amabwera masana, nguluwe ndi nungu usiku, ndipo munda womaliza kufupi ndi nkhalango ndi umene umayamba kudyedwa. Kuyambira pamene chimanga chamasula mpaka kukolola pamafunika munthu pa nsanja, wokhala ndi legeni, galu ndi chigubu chomenya, ndipo anyani amadziwa kusiyanitsa munthu wamkulu ndi mwana, moti kutumako mwana wa sukulu n'kungomujombetsa pachabe. Ndalama ya mlonda muiike pa bajeti pamodzi ndi ya feteleza. Kumpoto ndi kum'mawa kwa bomali, midzi ina ili pafupi ndi malo osungira nyama a Nkhotakota, omwe akuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks kuyambira 2015 ndipo kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Kumeneko funsani za mpanda wa waya ndi amene mungamuimbire foni nyama ikatuluka.

Zokolola musazigulitse zonse mu Meyi kwa mavenda obwera ndi sikelo pakhomo, chifukwa nthawi imeneyo mitengo imakhala pansi. Umitsani bwino, thirani mankhwala a anankafumbwe kapena sungani m'matumba osalowa mpweya, ndipo muwaike pa thandala m'nyumba. Koma musadikirenso mpaka mvula itseke msewu. Alimi oyandikana akasonkherana n'kuchita hayala lole imodzi yopita ku Mponela, mtengo wonyamulira thumba lililonse umatsika.

Kukhala bwino ndi anthu kuli ndi ntchito zake zooneka. Maliro akagwa mumasiya khasu, mumapita kusiwa, mumasonkha ufa kapena ndalama, ndipo amuna amakathandiza adzukulu kumanda ngati mwambo wa pamalopo ukulola. Ntchito ya chitukuko, monga kukonza msewu kapena kututa mchenga wa sukulu, ikalengezedwa, pitani nokha m'malo mongotuma waganyu nthawi zonse. Ndalama ya mwezi ya pa mjigo muzipereka msanga. Aganyu alipireni tsiku limene munagwirizana, popeza mbiri ya munthu wozengereza malipiro imafika midzi itatu sabata isanathe. Ngongole zing'onozing'ono zidzapemphedwa kawirikawiri, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale chakudya chikachepa, ndipo njira yabwino ndi kupereka ganyu kapena kulowa nawo banki mkhonde.

Ngati mwamanga pa malo a kwawo kwa mkazi kapena mwamuna wanu, kambiranani muli moyo za nyumbayo ndipo mulembe wilu. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana, koma nthaka ya mbumba imatsatabe mwambo wake, ndipo pepala losainidwa pamaso pa afumu ndi ankhoswe limachepetsa phokoso.

Za matenda konzekeranitu. Dziwani dzina la mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, chipatala chaching'ono chapafupi, ndi njira ina yokafikirako ngati mtsinje wadzaza. Mayi woyembekezera apite kuchidikiro masiku ake asanakwane, makamaka m'dzinja. M'nyumba musasowe tochi, thanzi ORS, mankhwala oziziritsa thupi ndi ndalama ya m'manja yokwanira kabaza wa usiku, chifukwa ajenti wa Mpamba kapena Airtel Money amakhala pa msika ndipo nthawi zina ndalama zimamuthera. Munthu akalumidwa ndi njoka, musatemere kapena kumanga mwamphamvu. Mugonekeni, mwendo kapena mkono usagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita ku chipatala cha pa boma nthawi yomweyo.