Mmene mungakonzere mphoto ya mphunzitsi amene watumikira anthu moyo wake wonse

Mphoto yotereyi ndi ya mphunzitsi wa ku yunivesite amene kwa zaka 20 kapena kuposerapo wakhala akutumiza ophunzira ake ku Mbare, Mufakose kapena Epworth, madera a mu Harare ndi pafupi nayo, kukagwira ntchito limodzi ndi anthu, ntchitoyo ili gawo la kosi yolembedwa mayeso, iye n'kumalemba zomwe kafukufuku wake wapeza kumeneko. Kuno ku Zimbabwe, ndondomeko ya Education 5.0 imawerenga kutumikira anthu ngati imodzi mwa nsanamira zisanu za yunivesite. Kunja, bungwe la IARSLCE, la akatswiri ofufuza za kuphunzira potumikira anthu m'madera, limapereka Distinguished Career Award pa ntchito yomweyi. Nawo mpingo, gulu la ophunzira akale kapena bungwe lothandizana pa maliro la ife olankhula Chichewa mu Harare, likhoza kukhala ndi mphoto yakeyake.

Komiti ikhale ya anthu asanu: aphunzitsi awiri, wophunzira wakale mmodzi ndi anthu awiri a m'dera lomwe ntchito inkachitikira. Mukadzaza komiti ndi mapulofesa okhaokha, adzangowerenga kuchuluka kwa mabuku, n'kusankha munthu amene a ku Epworth sanamuonepo nkhope. Zoyenereza zilembedwe pa tsamba limodzi dzina lililonse lisanatchulidwe. Mukayamba ndi dzina, malamulo adzasokedwa molingana ndi thupi la mwini dzinayo. Wachibale kapena wogwira naye ntchito mu dipatimenti imodzi azituluka panja pokambirana za munthuyo.

Fayilo ya wosankhidwa ikhale ndi mbiri ya ntchito yake, zolemba zake zitatu kapena zisanu zokhudza ntchito ya m'madera, mapepala osonyeza zomwe makosi ake ankaphunzitsa, ndi makalata atatu a umboni. Pamakalatapa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Kalata yoti "a pulofesa ndi munthu wodzichepetsa, wokonda anthu" ilibe ntchito. Yofunika ndi yonena kuti ophunzira ankabwera chaka chiti, ankachita chiyani, anayambitsa ganizolo ndani, ndipo atachoka chinatsala n'chiyani. Ngati ankayeza madzi a m'zitsime ku Glen View ndi Budiriro pambuyo pa kolera ya 2018, funsani ngati eni zitsimewo anauzidwa zotsatira, ndiponso m'chinenero chanji. Kafukufuku wosindikizidwa ku London, eni dera osamvapo kanthu, ameneyo n'ngokwezera maudindo mwini wake, asalowe m'fayiloyi.

Agogo kapena mayi wa pamsika amene sangathe kulemba kalata ya Chingerezi musawasiye. Pitani awiri, pemphani chilolezo, jambulani mawu awo pa foni kwa mphindi 10, mulembe monga ayankhulira, muwawerengere, kenako asayine. Chichewa chili m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko lino a 2013, choncho palibe chifukwa chokanira umboni wotere.

Samalani ndi attachment. Wophunzira wotumizidwa ku kampani kuti akazolowere ntchito akupindula yekha. Chomwe mukufufuza ndi ntchito yomwe dera linapempha, n'kupindula nayo, ophunzira n'kulemba zomwe aphunzirapo.

Perekani miyezi itatu yolandirira mayina ndi umodzi wotsimikizira, poimbira foni mlembi wa kalata iliyonse. Wopambana auzidwe mwambo usanafike. Ena adzakana mphotoyo, ena adzati muyitanenso anzawo a m'dera, ndipo pempho limenelo livomereni.

Mwambo uchitikire m'holo ya m'deralo, osati ku Mount Pleasant kokha, komwe kuli University of Zimbabwe, Loweruka masana kuti obwera pa kombi abwerere kusanade. Woyamba kuyankhula akhale wa m'dera, akuluakulu a yunivesite pambuyo. Olankhula asapitirire anayi, aliyense mphindi zisanu. Ngati pali ndalama, igaweni pawiri, theka lipite ku ntchito ya m'derayo, ndipo zimenezi zilembedwe m'malamulo kuyambira pachiyambi kuti pasadzabuke mkangano. Pa satifiketi lembani zaka zomwe anagwira ndi mayina a madera, ndipo kalembedwe ka dzina lake mufunse kwa mwini wake musanapite kosindikiza.